Sitinali abale awo, koma tikuwalira: tiwakumbukire bwanji mayi amene ankatiponyera ndagi?

FUNSO

Ndimakhala ku Ngabu. Kwa zaka zingapo takhala tikukumana Lamlungu lililonse masana pansi pa mtengo wa nimu, kusewera bawo ndi kuponyerana ndagi. Amene anatisonkhanitsa anali mayi wina wopuma pa ntchito yauphunzitsi. Anzathu ena ali ku Blantyre ndi ku Joni, ankatumiza mayankho awo pa WhatsApp, ndipo ena mwa iwo sanaonanepo ndi mayiwa maso ndi maso. Anamwalira miyezi itatu yapitayo, n'kuikidwa mawa lake kwawo kutsidya kwa Shire. Ambiri sitinapite. Chichokereni iwo sitinakumanenso. Thabwa la bawo ndi kope limene ankalembamo ndagi zili kunyumba kwawo. Ena akuti tigule chiliza, ena akuti tiyambitse mpikisano wa chikho m'dzina lawo, ena akuti gulu lingotha. Pali mnyamata mmodzi amene sakugona tulo. Ndagi yomaliza imene anatiponyera inali yakuti, "Ndawoloka Shire osanyowa, ndafika tsidya osanyamuka," ndipo anamwalira asanatiuze yankho. Ena akuti ankalosera imfa yawo. Ife si abale awo. Tichite bwanji?

YANKHO

Pepani achimwene. Mundipepesereko kwa anzanu onse a pansi pa nimupo, ndi a ku Blantyre ndi ku Joni omwe. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa ndikukayika ngati alipo amene wakupepesanipo chimwalirireni mayiwo.

Kalata yanu mwaitseka ndi mawu akuti "ife si abale awo", ngati kuti mukupempha chilolezo choti mulire. Maliro kwathu kuno ali ndi dongosolo lake, ndipo dongosololo limadziwa malo a aliyense wa magazi amodzi. Limadziwa ogona m'siwa, olandira chipepeso, odzametedwa, oyankhula m'malo mwa banja. Mnzake wa malemu amafika, amakhala panja, amaperekeza kumanda, basi amabwerera kwawo. Kukacha palibe womufunsa kuti wadzuka bwanji. Katswiri wina wa ku America, Kenneth Doka, analemba mu 1989 za chisoni cha mtundu umenewu, chimene mwini wake amachimva mpaka m'mafupa koma anthu omuzungulira sachiwerengera. Mfundo yake inali yakuti chisoni chotere chimalemera kwambiri chifukwa munthu amachisenza yekha, alibe mwambo womuthandiza kuchitula. Inu a gulu lanu chakuchitikirani n'chimenechi. Munthu amene ankadziwa mmene mutu wanu umaganizira, amene ankakusekani mukaphonya ndi kukuomberani m'manja mukalasa, Lamlungu ndi Lamlungu kwa zaka, mukuyenera kumulira. Amene ali ku Joni aja, amene ankangomva mawu awo pa foni, nawonso ndi anamfedwa. Ankadzuka kudziko la eni n'kupeza ndagi ya m'chiyankhulo cha kwawo ikuwadikira, ndipo tsopano foni ili zii.

Zolephera kupita kumaliro musadziimbe nazo mlandu. Kuchigwa kuno kutentha kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndipo ngakhale miyezi ina mudzi umene uli kutali ndi nyumba yachisoni sungasunge thupi masiku ambiri. Chikokolokereni njira ya ku Chiromo mu 1997, munthu wa ku Ngabu wofuna kufika tsidya la kum'mawa amatsikira ku Bangula kukakwera bwato, apo ayi amakwera mpaka ku Chikwawa, kuwoloka pa mlatho wa Kamuzu, n'kukhotera pa Thabwa. Uthenga ukakupezani madzulo, mwambo n'kukhala wa mawa lake, ofika ndi ochepa. Abale akewo amadziwa zimenezi kuposa inu.

Ganizo langa pa nkhani yonseyi ndi ili: manda, dzina ndi katundu wa malemu ndi za banja, koma masewera aja ndi anu. Muyambe mwapita kubanja, ndipo mukabwerako mukatsegulenso masewera. Zina zonse mwandifunsazi zikhala pambuyo pa ziwirizi.

Mwambo wathu sutsekera khomo wopepesa mochedwa. Maliro n'kulirana, ndipo wofika patapita miyezi amalandiridwa, nthawi zina bwino kuposa wa tsiku lenileni, chifukwa amafika khamu litabalalika, nyumba itayamba kuzizira. Tumizani uthenga kaye, musangotulukira. Musankhe anthu atatu kapena anayi, pakhale mayi mmodzi kapena awiri, chifukwa ana aakazi a malemu amamasuka ndi mayi mnzawo, ndipo zambiri za masiku omaliza zimakambidwa kukhitchini. Musanafike pakhomo fufuzani kuti mwini maliro ndani. Chigwa chathu chili ndi miyambo iwiri yokhalirana pafupi. Kwa Amang'anja, amene amatsata mbali ya kuchikazi, mawu amakhala ndi mwini mbumba, kaya ndi malume kaya mlongo wa malemu. Kwa Asena, kumene kunaperekedwa malowolo, mawu amakhala kuchimuna. Mabanja ambiri masiku ano ndi osakanikirana, choncho musaganizire nokha. Funsani a nyakwawa a m'mudzimo, adzakulozerani khomo loyenera. Mukalakwitsa khomo loyamba, zabwino zonse mwanyamulazo zimayamba ndi kupepesa kwina.

Chipepeso chikhale chimene mungathe: ufa, shuga, sopo, ndi ndalama zimene mwasonkha. Pa ndalamapo ndikuchenjezeni, chifukwa magulu ambiri abwino amathera pamenepa. Kaya zabwera pa Airtel Money kaya pa Mpamba, zilandiridwe ndi munthu mmodzi, wina azilemba, ndipo onse aone chiwerengero musananyamuke. Lembani mayina a onse papepala, a kutali omwe, ngakhale amene sanathe kusonkha kanthu, mukawawerenge pamaso pa banja. Ndalama zimene aliyense wapereka musawerenge, mayina okha.

Koma mphatso yaikulu imene mukapereke si ya m'thumba ayi. Ana a malemu ankawadziwa ngati mayi, ophika, odzudzula, odwala. Mwina ankangoona kuti Lamlungu masana amavala chitenje chabwino n'kutuluka ndi kope m'manja. Sakudziwa kuti munthu wina ku Johannesburg ankagona mochedwa kulimbana ndi ndagi ya mayi awo, kapena kuti mnyamata wamanyazi anayamba kuyankhula pagulu chifukwa cha iwo. Mukawauze zimenezo, ndi zitsanzo zenizeni, mosafulumira. Pa ntchito yolangiza anamfedwa ndaona kuti abale amagwiritsa nkhani zotere kuposa china chilichonse chimene alendo amabwera nacho. Mukatha, pemphani kuti akakuonetseni pamene anagona. Kumanda sapitako okha alendo, kuli eni ake, ndipo m'midzi yambiri pamafunika chilolezo cha amfumu. Akakana, landirani. Akalola, musajambule manda n'kumatumiza pa mafoni popanda kufunsa, ndipo za matenda amene anawatenga, ngati banja silinanene lokha, inunso musazifufuze kapena kuzikamba pagulu.

Za chiliza, ayi, musagule. Ndikudziwa kuti amene anabweretsa ganizoli anali ndi mtima wabwino, koma chiliza si mwala chabe. Banja limadikira kuti mvula idutse, dothi la pamanda likhazikike, achibale akutali asonkhane, ndipo nthawi zambiri kumanga kapena kuvundukula chiliza kumayendera limodzi ndi mwambo wachikumbutso, kaya ndi bona kwa osunga za makolo, kaya ndi mapemphero a mpingo. Pamakhalanso nkhani za m'banja zimene mlendo sangazione: ndani atsogolere, palembedwe dzina liti, la kwawo kapena la kubanja. Gulu la anzake likatsogola ndi chiliza, m'mudzi anthu amanena kuti ana analephera kuika mwala pa mayi awo mpaka alendo anachita kuwathandiza. Mungawachititse manyazi anthu amene mumafuna kuwatonthoza. Chimene mungachite n'kunena kuti, "Tsiku limene mudzakonze za chiliza mudzatiuze, tidzabwera ndi thumba la simenti ndi manja athu." Mawu amenewo amakusiyirani malo popanda kulanda a eni.

Kope ndi thabwa la bawo musazitchule pa ulendo woyamba, pokhapokha eni ake atayambitsa okha. Mukazitchula, chipepeso chonse chidzaoneka ngati munabwerera katundu. Mwalamulo zinthuzo ndi gawo la chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 loona za chuma chotere limaletsa munthu amene si woyenera kutengapo kanthu. Ngakhale thabwalo mutakhala kuti munagula mosonkherana, nenani mofatsa pa ulendo wachiwiri, ndipo mwana wa malemu akafuna kulisunga, musiyireni. Maenje 32 mmisiri aliyense wa matabwa akhoza kukusemerani, nkhomo 64 mukhoza kutola zina. Kope ndiye lilibe linzake. Limenelo musapemphe kuti mulitenge. Pemphani kuti mujambule masamba ake ndi foni pomwepo, tsamba ndi tsamba, pa kuwala kwa panja, ndi zolemba za m'mphepete zomwe, ndi zimene anafufuta. Kope lenilenilo, lokhala ndi dzanja la mayi awo, likhale ndi ana.

Mukajambula, zikhale m'malo atatu osiyana, amodzi akhale kumtunda, kwa anzanu a ku Blantyre. Inu a kuchigwa simufunika kuuzidwa chifukwa chake. Madzi a mu Januwale 2015, a namondwe Idai mu Malichi 2019, a namondwe Ana mu Januwale 2022 ndi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sanasiye makope a ana asukulu, ziphaso ndi zithunzi za maukwati, ndipo tsidya la kum'mawa, madera monga Makhanga, ndiwo amamira msanga. Ndipo ngati tsiku lina mudzafuna kusindikiza kabuku, dziwani kuti ndagi zimene mayiwo anapeka okha zili ndi mwini. Lamulo la dziko lino la 2016 limateteza ntchito ya wolemba moyo wake wonse ndi zaka 50 atamwalira. Mudzafunika chilolezo cha banja, makamaka ngati kabukuko kadzagulitsidwe.

Pali china chofunika changu kuposa kope. Mwanena kuti papita miyezi itatu. WhatsApp kawirikawiri imafufuta akaunti imene yakhala masiku 120 osalumikizidwa pa intaneti, ndipo makampani a mafoni amadzapereka kwa munthu wina nambala imene yakhalitsa osagwira ntchito. Tsiku lina mudzaona nkhope yachilendo pa nambala ya mayi aja, ndipo ndi bwino anzanu adziwiretu kuti asadzidzimuke. Mauthenga amene munalandira kale ali m'mafoni mwanu, koma foni imagwa m'madzi, imabedwa, imadzaza n'kufufutidwa. Sabata ino yomwe aliyense afufuze mauthenga a mawu amene mayiwo anamutumizira, awatumize kwa munthu mmodzi wokhala ndi kompyuta. Ntchito imeneyi apatseni a kutali aja. Sangathe kuwoloka nanu Shire, koma iyi angaigwire bwino kuposa inu, ndipo munthu wachisoni akapatsidwa chogwira m'manja mtima umatsikako. Anawo muwapemphenso kuti foni ya mayi awo asaifufute kapena kuipereka kwa mdzukulu mawu ali m'menemo asanakoperedwe kwina.

Ndikulimbikira za mawu chifukwa ndagi yolembedwa papepala ili ngati nsomba youma: imasungika, koma siisambiranso. Moyo wa ndagi uli pa kaponyedwe. Woponya akati "Ndagi!" gulu n'kuyankha "Gize!", kapena "Chilape!" ena n'kuti "Nachize!", pamakhala kaye kachetechete, woponya akuyang'ana nkhope imodziimodzi. Pali pamene amakweza mawu kuti akusocheretseni, pali liwu limene amalidumpha msanga chifukwa yankho labisala pomwepo. Aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti nyumba yopanda khomo ndi dzira, koma mayi wodziwa kuponya amatha kuinena mwa njira yoti mwana amene anaimva kakhumi aiganizirebe. Chimene mukulira inu ndi kaponyedwe kameneko.

Choncho posonkhanitsa musalembe ndagi ndi yankho basi. Lembaninso kuti anaiponya liti, kunali chiyani masiku amenewo, kaya thonje linali pamsika kaya madzi anali atangophwa m'madimba. Lembani mayankho olakwa amene anaseketsa anthu, ndi amene analasa. Siyanitsani zakale zimene anazimva kwa agogo awo ndi zimene anapeka okha, chifukwa zachiwirizi ndizo zikusonyeza mmene maso awo ankaonera chigwa chino, nzimbe za ku Nchalo, masawu, malambe, nyika zimene anthu amakazula m'dambo chaka cha njala. Ndipo chonde, imene anainena m'Chisena ikhale m'Chisena, ya m'Chimang'anja ikhale momwemo. Padzapezeka wina wophunzira wofuna kuzikonza kuti zifanane ndi Chichewa cha m'mabuku a sukulu. Mukanizeni. Ndagi zambiri zimadalira kamvekedwe ka liwu limodzi, ukalisintha msampha wonse wamasuka. Ndagi za ku Lower Shire zolembedwa mmene anthu amaziyankhulira sizipezeka wambawamba, ndiye chimene mungasonkhanitse inu chidzathandiza ndi aphunzitsi a m'sukulu za kwanuko.

Tsopano ndagi yomaliza ija. Ndaiwerenga mobwereza, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake ena akuti mayiwo ankatsanzika. Munthu akamwalira, mawu ake omaliza timawasenzetsa katundu amene mwini wake sanawasenzetse. Anawoloka Shire ali m'bokosi, ndiye mtima ukuti, "Si zimenezi ankanena?" Koma taonani mmene ndagiyo yamangidwira. Ndi ndagi ya mtundu wakale ndithu, yotchula zinthu ziwiri zooneka zosatheka kuti mupeze chinthu wamba chimene chimachita zonse ziwiri. Maso amawoloka mtsinje osanyowa, mwini wake ali chiimire pagombe. Mawu a munthu woitana bwato amatero. Kulira kwa ng'oma ya kutsidya kumatero. Uthenga wa pa foni umatero, ndipo mayi amene ankacheza ndi anthu a ku Joni ali pa Ngabu akanatha kuganiza zimenezo akumwetulira. Mukandifunsa ine, ndinena kuti maso. Koma langalo ndi yankho limodzi pa mndandanda, silikuposa la mwana wa Sitandade 4.

Kunena kuti ankalosera imfa kuli ndi vuto lina limene mwina simunalione. Kumabala mlandu m'mitima ya otsala: bwanji sitinamve, bwanji sitinawafunse, mwina tikanawathamangitsira kuchipatala. Mnyamata wosagona uja ndikukayikira kuti ali ndi mafunso otere. Mphunzitsi amene wakhala akuponya ndagi Lamlungu lililonse amayenera kukhala ndi ina yomaliza, ndipo iliyonse ikanakhala yomaliza mukanaipezera tanthauzo la imfa.

Mwambo wa ndagi womwewo ukukuuzani chochita. Gulu likalephera, limamubaira ng'ombe woponyayo, iye akailandira ndiye amaulula. Wolandira ng'ombe ndi mwini ndagi yekha. Palibe wapampando, palibe wamkulu, palibe katswiri ngati ine amene angaimirire n'kunena kuti yankho ndi ili. Mwina mukajambula kope lija mudzalipeza litalembedwa, ndipo mukatero mudzasangalale nalo. Likapanda kupezeka, isiyeni yotsegula. Ipatseni tsamba lakelake, aliyense alembepo yankho lake ndi chifukwa chake, ndipo mlendo aliyense wolowa m'gulu aziponyeredwa imeneyi kuti awonjezerepo lake. Mwa zonse zimene mungachite powakumbukira, imeneyi ndiyo ikufanana nawo kwambiri, chifukwa idzapitiriza kugwira ntchito imene iwo ankaikonda, yoganizitsa anthu.

Mpikisano wa chikho sindiukana, koma ndili nawo ndi nkhawa. Pa bawo pakangolowa ndalama, pamabwera akatswiri a m'misika amene malemu sanawadziwe, pamabuka mikangano ya kuti uyu watakata molakwa, amayi ndi ana amasunthidwira kumbuyo kukhala oonerera. Mayi amene anasonkhanitsa anthu kwa zaka popanda mphotho angadabwe kuona dzina lawo pa chinthu chotero. Ngati mukufunabe, chitani kamodzi pachaka, nyengo yozizirirapo ya Juni kapena Julaye pamene njira zili zouma ndipo abale akutsidya angathe kubwera. Dzina la malemu muligwiritse ntchito banja litavomera. Ndagi zikhale patsogolo, bawo pambuyo, ndipo mphotho zikhale makope ndi zolembera za ana. Kwa mphunzitsi, zimenezo n'zokwana.

Amene akuti gulu lithe ndiwamvetse bwino: sakunena kuti masewera aipa, akuopa Lamlungu loyamba. Akuopa kufika pansi pa mtengo n'kuona malo amene mayiwo ankakhala. Ena akuona ngati kuseka iwo kulibe ndi chipongwe. Akatswiri awiri a ku Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza mu 1999 kuti munthu wolira bwino amapita uku ndi uku, nthawi ina akuyang'anana ndi imfayo, nthawi ina akugwira za moyo n'kupumulako, ndipo zonse ziwiri n'zofunika. Makolo athu ankazidziwa kale, n'chifukwa chake pa maliro adzukulu amaloledwa nthabwala zimene wina aliyense sangayerekeze. Kuseka pa ndagi ya malemu si kuwaiwala.

Mukabwera kutsidya, itanani onse pamalo omwewo, nthawi yomweyo. Opita aja afotokoze zimene anaona ndi zimene banja linanena. Pakhale pemphero lalifupi, poganizira kuti mwina si nonse a mpingo umodzi. Kenaka aliyense aponye ndagi imodzi ya mayiwo imene amaikumbukira, a kutali atumiziretu zawo m'mawu kuti zimvedwe pomwepo. Wina akalira, musamuletse. Zikatha zimenezo, yalani bawo musewere masewera enieni, odyana nkhomo mopanda chisoni, chifukwa mukangopemphera n'kubalalika mudzakhala mwachita maliro achiwiri, ndipo Lamlungu lotsatira simudzabweranso.

Musasankhe wolowa m'malo mwawo. Aliyense amene mungamuike pamenepo adzayerekezedwa ndi malemu, adzalephera, adzakhumudwa. M'malo mwake khalani pansi mufunsane kuti kodi mayiwa ankachita chiyani kwenikweni. Mudzapeza kuti kuponya ndagi inali ntchito yaying'ono. Ankakumbutsa anthu Loweruka. Ankazindikira amene wajomba kawiri n'kumufunsa. Ankasungira mwana kapena mlendo ndagi yosavuta kuti naye alaseko, abwerenso. Ankazimitsa mkangano usanakule. Ntchito zimenezi zigawaneni, wina iyi wina iyo, ndipo yosungira ana ndagi yosavuta ija muipereke kwa munthu woleza mtima kuposa onse, chifukwa gulu lopanda ana olowa limatha lokha ngakhale popanda maliro.

Ndatsiriza ndi mnyamata uja, koma nkhani yake singadikire ulendo wa kutsidya. Kusowa tulo, kusafuna chakudya, kumva ngati foni ilira ndi mawu a malemu, zimenezi zimachitika miyezi yoyambirira ndipo mwa ambiri zimachepa zokha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'ndondomeko yake ya matenda imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, limati chisoni chasanduka vuto lofunika chithandizo ngati chapitirira miyezi isanu ndi umodzi chili chowawa chimodzimodzi, mpaka munthu kulephera ntchito ndi kukhala ndi anzake. Iye sanafike pamenepo, koma musawerenge miyezi muli chikhalire. Mmodzi wa inu amene amamasukirana naye apite kwawo sabata ino, akhale naye, amufunse kuti usiku amaganiza chiyani. Mwina mayiwo anali munthu yekhayo wamkulu amene ankamumvetsera. Mwina imfayi yadzutsa ina yakale imene sanailire. Pa ulendo wokapepesa mumutenge, akaone manda ndi maso ake, chifukwa amene sanaone bokosi mtima wake umavuta kukhulupirira.

Mukaona kuti wayamba kumwa mowa mopitirira, wasiya ntchito kapena sukulu, akugawa zinthu zake, kapena akunena mawu onga akuti "bola ndiwatsatire", mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu, kumamupatsa mpata woti anene. Akavomera, musamusiye yekha, uzani abale ake, chotsani m'nyumbamo mankhwala opopera thonje ndi a mbewu, ndipo tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala chimene chili pafupi, kapena cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje, mukafunse woona za matenda a maganizo.